Tsiku Limene Domingos Anadzakonza Jogo

Kompyuta ija inafika ku Entre Lagos pa sitima, itakulungidwa m'bulangete, mvula ya 2005 itangosiya. Anaigula ndi Stanley, mwamuna wa Rabeca, kwa bambo wina wa ku Limbe amene ankagulitsa katundu wakale wa m'maofesi. Inali itachita chikasu ndi ukalamba, ndipo mkati mwake munali masewera amodzi okha, a mpikisano wa magalimoto. Stanley anaiika m'kachipinda ka kumbuyo kwa baraka, kasitolo kawo kakang'ono kufupi ndi siteshoni, n'kuilumikiza ku jenereta yomwe inkayendetsanso firiji ya zakumwa. Anthu a kumeneko masewerawo ankangowatchula kuti jogo.

Rabeca ndi Stanley onse anakulira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo ku Machinga, ndipo anabwerera mtendere utabwera. Kwawo kwa Rabeca kunali ku Chiuta, kumene amayi ake ankalimabe. Baraka ija anaiyamba ndi sopo, mchere ndi mafuta a nyale. Jogo itabwera, anthu anayamba kudzaza: aphunzitsi akaweruka, alonda a pamalire pa tsiku lawo lopuma, amalonda odikira sitima. Rabeca sankasewera. Iye ankangomva kulira kwa magalimotowo tsiku lonse ali pa kauntala.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, jogo inayamba kuvuta. Munthu akangoyamba kusewera zonse zinkayenda bwino, koma pakapita mphindi khumi galimoto inkayamba kukakamira. Chithunzi chinkaima kanthawi, kenako n'kudumpha, moti woyendetsa ankaona kona ili patali, kuphethira kamodzi galimoto yagunda kale khoma. Stanley anatsuka CD ndi sopo, anasintha chingwe cha magetsi, anafafaniza masewerawo n'kuwalowetsanso. Palibe chinasintha. Mphunzitsi wina ndiye anamuuza za Domingos wa ku Cuamba, amene ankakonza makompyuta a m'maofesi. Stanley anatumiza uthenga, yankho linabwera loti munthuyo afika Lachinayi. Lachiwiri Stanley anawoloka malire kupita ku Liwonde kukaoda shuga, kuti abwerere Lachinayi m'mawa.

Domingos anafika Lachitatu masana, pa njinga yamoto.

Tsikulo kunalibe sitima. Dzuwa linali paliwombo, ndipo msewu wa kusiteshoni unali zii. Asiya, amene ankagulitsa nsomba zouma moyang'anizana ndi baraka, anali atafunditsa thebulo lake n'kupita kukaphika. Mwana wa Rabeca, Zodiwa, wa miyezi isanu ndi inayi, anali mtulo pa mkeka m'kachipinda ka kompyuta muja, pakona pomwe dzuwa silinkafika.

"Odi kuno. Ndine Domingos. A Stanley ananditumizira uthenga."

Anali bambo wamfupi, woonda, wa zaka ngati makumi atatu ndi zingapo, atavala kapusi ndi malaya a manja aatali, chikwama chakuda chili paphewa.

"Fikani. Koma bambo kulibe, amati mubwera mawa."

"Ndinali ndi ntchito kuboma, yatha msanga. Ndati m'malo mobwerera ku Cuamba ndingodzera konkuno. Ngati simukuvutika, mayi, ndingathe kuiona lero."

Rabeca sanaone chovuta. Analiza jenereta, n'kumulowetsa m'kachipinda muja. Domingos anaona mwana ali gone, anatsitsa mawu. Anafunsa mmene vutolo limayambira, Rabeca anafotokoza zimene ankamva anthu akudandaula. Ndiye bamboyo anayatsa kompyuta, anatsegula jogo, anadina mabatani angapo, ndipo pakona ya galasi panatuluka nambala yachikasu, 30.

"Jogo ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana," anatero. "Nambala iyi ikuwerenga zithunzi zimene zikutuluka pa sekondi imodzi. Ikakhala pa makumi atatu, diso siliona mpata. Ikatsika, ndiye kukakamira kumene mukunenako. Ndikufuna ndione kuti imatsika liti. Khalani apa muyendetse, ine ndiziyang'ana nambala ndi wotchi."

"Ine sindimasewera."

"Sikuti mupambane. Batani ili ndi lopita kutsogolo, awa ndi okhotera. Mukagunda, palibe wafa."

Kuwala kochokera pakhomo kunkagwera pa galasi, choncho Domingos anakankha chitseko n'kuchitseka. M'kachipindamo munatsala kuwala kwa kawindo kamodzi ka pamwamba. Rabeca anakhala pa mpando, bamboyo anaima kumbuyo kwake.

Galimoto yofiira inanyamuka. Rabeca anagunda mpanda kawiri, anaseka pang'ono, kenako zala zinayamba kuzolowera. Kumbuyo kwake Domingos ankawerenga nambala ija motsitsa mawu, m'Chipwitikizi, monga amachitira ambiri amene anaphunzira sukulu mbali ino ya malire.

"Trinta. Trinta. Vinte e nove."

Panapita mphindi zisanu ndi zitatu. Kutentha kunali kwa mnanu. Bamboyo anavula kapusi n'kuiika pa thebulo pambali pa dzanja la Rabeca.

"Vinte e dois. Dezoito. Yayamba. Pitirizani, musaime. Doze. Nove."

Galimoto inayamba kudumphadumpha. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inkaima, n'kusowa, n'kuonekanso pena.

"S-s-s-sete."

Lilime linamukakamira pa liwu limenelo lokha. Mawu ena onse ankatuluka bwinobwino, koma pa nambala yachisanu ndi chiwiriyo mpweya unayamba watuluka m'mano kanthawi liwu lisanabwere.

Zala za Rabeca zinauma pa mabatani. Liwu limenelo analimvapo kamodzi kokha, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Unali m'mawa wina mu 1988, kwawo ku Chiuta. Anthu a mfuti anatulukira kuchokera kutchire, anasonkhanitsa mudzi wonse pansi pa mango a pa sukulu, ndipo anaimika amuna pa mzere kuti asankhe onyamula katundu amene analanda. Wowerenga anali mnyamata wamng'ono thupi, mfuti ikumulendewera mpaka m'mawondo. Ankagwira munthu aliyense pachifuwa ndi chala. Atafika pa wachisanu ndi chiwiri lilime linamukakamira chomwecho, ndipo Rabeca, akusuzumira kuseri kwa chitenje cha amayi ake, anaganiza kuti wathera pomwepo. Koma mnyamatayo anapitiriza, anati oito, chala chili pachifuwa cha Efraimu, achimwene ake a Rabeca, amene anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Efraimu sanabwerenso. Usiku wa tsiku lomwelo otsala anathawira ku Malawi.

Mnyamata wowerenga uja khutu lake lakumanzere linali lodukako pamwamba.

Galimoto inagunda khoma n'kuima. Galasi linachita mdima kanthawi, ndipo Rabeca anaona chithunzithunzi cha bambo amene anaima kumbuyo kwake. Sanathe kuona khutu. Anatembenuka pang'onopang'ono ngati akufuna kuyang'ana mwana. Khutu lakumanzere linali lodukako pamwamba, chipsera chake chosalala, chakalekale.

"Mphindi khumi ndi imodzi," anatero Domingos akuyang'ana wotchi. "Mwatopa, mayi? Mwachita thukuta."

"Kwatentha."

"Tiyambe ndi zosavuta. Mwina jogo ikuipempha kompyuta ntchito yoposa mphamvu zake."

Anawerama pambali pake, phewa lake likukhudza la Rabeca, n'kutsegula tsamba la zosankha. Anachotsa utsi wa matayala, anachotsa zithunzithunzi za mitengo ndi anthu oonerera m'mbali mwa msewu, anachepetsa kusalala kwa chithunzi mpaka galimoto inaoneka ngati yosema ndi nkhwangwa. Anatsekanso tinthu tina timene tinkayenda mobisika kuseri kwa jogo. Ankafotokoza chilichonse chimene ankachita, modekha, ngati mphunzitsi. Rabeca ankangomva fungo la petulo ndi thukuta pa malaya ake. Maso ake anali pa mkeka. Kuti afike pamene panali Zodiwa, anayenera kudutsa bamboyo.

"Yendetsaninso."

Anayendetsanso. Galimoto inkangopita uku ndi uku. Nambala inayambira pa makumi awiri ndi zisanu, ndipo pasanathe mphindi zinayi inali itagwa kale. Rabeca ankaiona ikutsika pakona paja, khumi ndi ziwiri, khumi, zisanu ndi zinayi, akudikira liwu lija. Linabweranso, chimodzimodzi, pafupi ndi khosi lake.

"Si zimenezo ayi," anatero Domingos. "Tachotsa katundu yense koma ikugwabe, ndipo ulendo uno yagwa msanga. Jenereta yanuyi ikukokanso chiyani?"

"Firiji."

"Mwina firiji ikalira magetsi amachepa. Ndizimitsa kompyuta, inu mukazimitse firiji, tione."

Rabeca anatsegula chitseko n'kutuluka. Anazula chingwe cha firiji. Kenako anapezeka ataima pakhomo pa baraka, dzanja lili pa mphuthu. Msewu unali uli mbee ndi dzuwa. Thebulo la Asiya linali lofunditsabe. Kutali, kupitirira njanji, kunkaoneka denga la ofesi ya pamalire. Akanathamanga akanafika, koma akanati chiyani kumeneko? Mtendere utabwera anthu anauzidwa kuti zakale zatha. Amene anali kutchire anabwerera m'midzi, anasambitsidwa mankhwala, ena ankakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Palibe ankafunsa mnzake kuti unali kuti. Ndipo bamboyu lero sanalakwe kanthu, anangobwera kudzakonza jogo.

Zodiwa analira kamodzi m'kachipinda muja.

Rabeca sanadziwe mmene anafikira. Anapeza Domingos atagwada pambali pa mkeka, akumuyendetsera mwanayo kapusi kumaso kuti amupepese.

"Musamugwire."

Mawu anatuluka okwera kuposa mmene anafunira. Domingos anabweza dzanja, anamuyang'ana, n'kudzuka.

"Pepani, mayi. Ntchentche zimamuvutitsa."

Rabeca ananyamula mwana, anamubereka, n'kumanga chitenje mfundo ziwiri. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo bamboyo sanachitsekenso. Tsopano akanatha kuchoka. Anaima pakhomo pa kachipindako, mwendo umodzi kunja. Chimene chinamuimitsa ndi amayi ake. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinali zitapita, koma amayiwo anakana kulira maliro a Efraimu. Ankati munthu salira maliro a mwana amene sanamuone manda. Aliyense wobwera kuchokera ku Cuamba kapena ku Mandimba ankamufunsa. Ndipo m'zaka zonsezo, munthu woyamba amene akanatha kuyankha anali uyu, atakhala pa mpando wa Stanley, akuyatsa kompyuta.

Ulendo uno Domingos anayendetsa yekha. Nambala inayambira pa makumi atatu, inakhala pomwepo mphindi zisanu ndi imodzi, kenako inayamba kutsika ngati kale.

"Firiji ilibe mlandu, mukhoza kukayatsa zakumwa zingatenthe," anatero. Anagogoda thebulo ndi chala. "Koma taonani. Titayamba koyamba, itapuma usiku wonse, inapirira mphindi khumi ndi imodzi. Kachiwiri, osapuma, mphindi zinayi. Pano yapuma pang'ono, zisanu ndi imodzi." Anaika chikhatho pa bokosi la kompyuta n'kuchichotsa msanga. "Ikutentha. Vuto lili mkati."

Anazimitsa zonse, anazula zingwe, n'kugoneka bokosilo pa thebulo. Zomangira zitatu zinamasuka ndi sikuludiraiva. Chachinayi mutu wake unali utadyeka. Domingos anapisa m'chikwama n'kutulutsa mpeni wopinda, wa chigwiriro cha nyanga. Anautsegula ndi chala chachikulu, mosayang'ana, ngati munthu amene wautsegula kambirimbiri. Rabeca anabwerera m'mbuyo mpaka msana wa mwana unakhudza mphuthu ya chitseko.

Nsonga ya mpeni inalowa pa chomangira, chinatembenuka. Domingos anachotsa chivundikiro, n'kuika mpeniwo pa thebulo, uli chitsegulire.

"Bwerani muone, mayi. Kuti mudzawauze a Stanley."

Rabeca anasendera mapazi awiri okha. Mkatimo munali fumbi lofiira la ku Entre Lagos, litagwirana ngati bulangete. Pakati panali kachitsulo ka mano ambiri, kokhala ndi kafani pamwamba, ndipo m'mbali mwa kafaniko mavu anali atamanga chisa cha dothi chachikulu ngati chala. Domingos anakankha kafaniko ndi chala. Kanazungulira theka n'kuima.

"Pansi pa chitsulochi pali ubongo wa kompyuta. Ukamagwira ntchito umatentha, ndiye kafanika kamauziziritsa. Kakalephera, ubongowo umadzichepetsera wokha liwiro kuti usapse. Polemba kalata simungaone kanthu, koma jogo ndi ntchito yolemetsa. M'miyezi yozizira zinkatheka. Pano ndi Okutobala." Anayang'ana uku ndi uku. "Muli ndi pampu ya njinga?"

Pampu ya Stanley inali kuseri kwa chitseko. Domingos anatola mpeni uja, anapala chisa cha mavu mosamala, dothi likugwera m'chikhatho chake. Anamasula kachitsulo kaja. Ndiye anagwira paipi ya pampu n'kuilozetsa m'mano a chitsulocho.

"Inu muzipopa, ine ndizilozetsa."

Rabeca anaponda pampu ndi phazi n'kuyamba kupopa. Fumbi linabuka, linadzaza m'kuwala kwa kawindo kaja. Mitu yawo inali pafupi. Khutu lija linali pamaso pake penipeni. Mpeni unali pa thebulo, pafupi ndi chigongono cha bamboyo. Rabeca anapopa kakhumi, kakhumi kenanso. Anadziwa kuti akapanda kufunsa tsopano, bokosi litsekedwa, njinga yamoto ilira, ndipo zithera pomwepo.

"Chinyanja chanu ndi cha konkuno," anatero. Mawu anatuluka aang'ono.

"Ndinakhalako mbali ino."

"Liti?"

Domingos anatembenuza chitsulo chija, anauzira ndi pakamwa. "Kale."

"Nthawi ya nkhondo?"

Rabeca anasiya kupopa.

"Ku Chiuta, pa sukulu ya pansi pa mango. Munawerenga amuna asanu ndi atatu. Womaliza anali achimwene anga."

Domingos anaika chitsulo pansi. Dzanja lake linapita pa mpeni. Rabeca anagwira mwendo wa mwana kumbuyo.

Domingos anapinda mpeniwo. Anauponya m'chikwama, anatseka zipi, n'kukankha chikwamacho ndi phazi mpaka chinafika pamapazi a Rabeca. Kenako anatsika pa mpando n'kukhala pansi, msana kukhoma, manja pa mawondo.

"Ndinawerenga m'midzi yambiri, mayi," anatero. Sankamuyang'ana. "Ananditenga pa sukulu ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Pagulu pathu amene ankadziwa manambala ndinali ine, ndiye kuwerenga inali ntchito yanga. Mayina sindinkafunsa. Achimwene anuwo anali otani?"

"Aatali. A mpata m'mano. Dzina lawo Efraimu."

"Ananyamula chiyani?"

Rabeca anakumbukira. Anawaona akuchoka pa mzere, khosi litapindika. "Mutu wa makina osokera. A aphunzitsi."

Domingos anatseka maso.

"Wa makina ndikumukumbuka. Unali katundu wolemera kuposa yense, ndipo iye analibe nsapato. Tinayenda masiku atatu chakumpoto, m'mbali mwa madzi. Bango linamucheka mapazi, anatupa. Titafika ku Amaramba sanathenso kudzuka. Mkulu wathu anandiuza kuti ndikamumalize. Ndinamukokera kuseri kwa bango. Ndinawombera m'madzi kawiri, n'kumuuza kuti asatuluke mpaka dzuwa litalowa. Pafupi panali misasa ya asodzi, ndi kamzikiti kaudzu pansi pa migwalangwa iwiri yophukira pamodzi. Ndinamusiya akupuma. Za pambuyo pake sindikudziwa."

"Mukunama kuti ndikusiyeni."

"Mukhoza kuganiza choncho. Sindikunena kuti mundione wabwino. Pa ulendo womwewo panali ena awiri amene anagwa, ndipo amenewo sindinawombere m'madzi, chifukwa mkulu uja anaima pomwepo." Anakweza maso koyamba. "Mukafuna kuitana anthu, itanani. Sindithawa."

Rabeca anayang'ana chikwama chili pamapazi ake. Mantha sanachoke. Zodiwa anayamba kudzinyanyamula kumbuyo, akufuna bere. Pa thebulo kompyuta ya Stanley inali chitsegulire, zamkati zili pamtunda.

"Malizani ntchito yanu," anatero.

Domingos anadzuka pang'onopang'ono. Anapempha chilolezo asanagwire chikwama chake, ndipo anatulutsamo zinthu ziwiri zokha: kabotolo ka mafuta a makina ndi kachubu ka phala loyera. Anadontheza dontho limodzi la mafuta pakati pa kafani, anakazunguza ndi chala mpaka kanayamba kuyenda kokha. Anapukuta phala lakale louma pa ubongo uja, anapaka latsopano pang'ono ngati njere ya mpunga, anabwezera chitsulo, anatseka bokosi. Chomangira chimodzi chinagwa pansi kawiri.

Anayatsa. Anabwezera utsi, mitengo ndi anthu oonerera. Anayendetsa yekha, Rabeca ataima pakhomo akuyamwitsa mwana choimirira. Mphindi khumi zinadutsa, kenako makumi awiri, kenako theka la ola. Nambala inakhala pa makumi atatu, nthawi zina n'kutsika ndi imodzi pa kona ya magalimoto ambiri, n'kubwereranso.

"Yachira," anatero. "Muwauze a Stanley aichotse kukhomaku, aiike pa njerwa kuti mpweya uzidutsa pansi. Mwezi uliwonse azitsegula n'kupopa. Ikazima muziifunditsa nsalu, koma ikamayaka ayi."

Anang'amba chidutswa cha katoni ya sopo, n'kujambulapo ndi bolopeni: mzere wa nyanja, njira yochokera ku Chiuta, kamtsinje, ndi timitengo tiwiri. Anachisiya pa thebulo. Pakhomo pa baraka anavala kapusi yake n'kukwera njinga.

Phokoso la njingayo litazimiririka, Rabeca anatseka baraka dzuwa likadali pamwamba, anakhoma ndi mpiringidzo, n'kukhala pansi kuseri kwa kauntala. Asiya atabwera kudzagogoda, anamuyankha kuti mutu ukumupweteka.

Stanley anafika Lachinayi m'mawa ndi matumba awiri a shuga. Anasewera jogo ola lathunthu akusekerera, mpaka anaona kuti mkazi wake sanadye kanthu chifikire iye. Rabeca anamupatsa chidutswa cha katoni chija n'kumufotokozera zonse. Stanley anafuna kukwera sitima ya ku Cuamba tsiku lomwelo. Rabeca anamuletsa.

"Mukakamupeza mukatani naye? Ine ndikufuna ku Amaramba."

Ananyamuka sabata yotsatira pa njinga ziwiri, baraka atasiyira Asiya. Anagona ku Chiuta, ndipo anawauza amayi a Rabeca kuti akupita kukaona mitengo ya nsomba. Njira yonse Rabeca ankaopa zinthu ziwiri, kuti sakapeza kanthu, ndiponso kuti akapeza.

Migwalangwa iwiri ija inalipo. Kamzikiti kaudzu kanali katasanduka ka njerwa. Anthu a pamenepo anawatumiza kwa mayi wina dzina lake Zulfa, amene bambo ake, malemu Haji Athumani, ndiwo ankatsogolera mapemphero nthawi ya nkhondo. Anamupeza akuyanika nsomba pa thandala. Rabeca atangotchula za munthu wa mapazi otupa, Zulfa anapukuta manja pa chitenje n'kuwayalira mkeka.

"Ababa anamupeza m'bango akupita kukaonjola ukonde," anatero, Chinyanja chake chikumveka Chiyao. "Tinamubisa pansi pa bwato lovundikira. Ine ndinkamupititsira phala. Anakhala nafe masiku asanu ndi anayi. Mapazi aja anaola, malungo anamugwira, mankhwala kunalibe. Anatiuza dzina lake, anatinso kwawo ndi ku Chiuta. Nkhondo itatha ababa anatumako munthu, koma anapeza mudzi wonse uli ku Malawi."

Anawatengera kuseri kwa mudzi. Manda a Efraimu anali m'mphepete mwa manda a banja la a Haji, atazunguliridwa ndi miyala, mofanana ndi ena onse. Zulfa anati ankawalambula limodzi chaka chilichonse. Rabeca anagwada, anaika chikhatho pa dothi lotentha, ndipo analira kwa nthawi yaitali, Stanley atanyamula mwana chapatali.

Pobwerera anafika ku Chiuta madzulo a tsiku lotsatira. Amayi ake anali pakhonde akusenda chinangwa. Rabeca anakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza, kuyambira pa bambo wokonza kompyuta mpaka pa miyala ya pamanda. Amayiwo anamvetsera osadula mawu, mpeni ndi chinangwa zili m'manja.

"Anthu amenewo anamusambitsa?" anafunsa pomaliza.

"Anamusambitsa, amayi. Anamukulunga m'nsalu yoyera."

Amayiwo anagwedeza mutu. Anaika chinangwa m'beseni, anadzuka mogwira khoma, n'kuitana Stanley.

"Apongozi, mawa mundikweze pa njinga yanuyo. Mukagwire nkhuku ziwiri zija, zazikuluzo. Sitingapite kwa anthu amenewo chimanjamanja."